Ndalama za malata za mbale wanga wa ku Joni

Kuno ku Mangochi palibe amene sadziwa nyumba za ku Joni. Mukayenda ku Namwera, kwa Katuli, ku Makanjira, ngakhale pa boma pompano, muona nyumba za njerwa zootcha, zina zofoleredwa bwino ndi malata amitundu, zina zitaima pa lintala zaka ndi zaka mpaka udzu kumera m'zipinda. Eni ake ali ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, akugwira ntchito m'minda ya maluwa, m'mashopu ndi m'mafakitale. Nyumba iliyonse yotere ili ndi munthu wake kuno kumudzi, amene amalandira ndalama n'kumayang'anira amisiri. Ine ndinali mmodzi wa anthu amenewo. Ndikulemba kuti inu amene mwapemphedwa ntchito yomweyi, makamaka ndi mnzanu wa mumpingo, mudziwiretu pamene ine ndinaterereka.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale komanso mtumiki mumpingo wathu. Mbale amene ndikunenayu si wa bere limodzi ndi ine. Tinakulira limodzi m'kwaya ya achinyamata ndipo timaitanana kuti achimwene. Popita ku Joni anasiya mkazi ndi ana atatu m'nyumba ya lendi. Mu 2022 anagula malo kudzera kwa amfumu, chakufupi ndi ku Mpondasi, ndipo tsiku lina usiku anandiimbira.

"Achimwene, ndalama za nyumba ndizitumiza kwa inu. Alamu anuwo ndiziwatumizira za ndiwo ndi za lendi basi. Kuchuluka kwa za nyumbazi asamadziwe. Mukuwadziwa abale awo aja, akangomva kuti kwagwa ndalama adzaza pakhomo."

Ndinavomera msangamsanga, ndipo kunena zoona ndinanyada kuti pa anthu onse wasankha ine. Sindinaone kuti ndalolera kukhala chinsinsi pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, anthu amene analumbira pamaso pa mpingo kuti ndi thupi limodzi. Mnzanu akakupemphani zotere, yankho labwino ndi lakuti: ndithandiza, koma alamu azidziwa chilichonse chimene chalowa ndi chimene chatuluka. Akakana, inunso kanani. Mukhumudwitsana sabata imodzi, koma mupulumuka zambiri.

Chaka choyamba zinayenda bwino. Ndalama zinkabwera pa Mukuru, ine n'kukatapa, n'kugula simenti, kwale ndi mchenga wa pangolo. Mmisiri wathu anali bambo wachikulire wachiyawo, Msilamu wochokera cha ku Malindi, munthu wosalankhulalankhula. Lachisanu dzuwa likafika pamutu ankasamba m'manja n'kupita ku mzikiti, koma ntchito yake inali yowongoka. Ankayenda ndi kope la ana asukulu m'thumba la malaya, momwe ankalemba matumba a simenti amene walandira, amene atsala, ndi ndalama zimene ndamupatsa. Ine mphunzitsi, amene ndimakalipira ana akaiwala kope, ndinalibe kope. Zonse zinali m'mutu ndi pa WhatsApp. Tsiku lina ndinauza mbale uja kuti mwina tizilemba. Iye anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, ife ndi ana a Mulungu. Mapepala ndi a anthu osakhulupirirana." Mawuwo anandikomera, ndipo nkhani ya kope inathera pompo.

Pofika Sepitembala 2023 zipupa zinali zitafika pa gebulo. Mbale uja anatumiza ndalama pang'onopang'ono mpaka zinakwana K1,200,000, za malata, matabwa, misomali ndi malipiro a wokhoma denga. Tinagwirizana kuti tifolere mvula isanayambe, kuti banja lake lidyere Khirisimasi m'nyumba yawoyawo.

Amene anaulula za ndalamazo ndine ndemwe. Pa mapemphero a pakati pa sabata, nthawi ya maumboni, ndinaimirira n'kuthokoza Mulungu kuti wadalitsa mbale wathu wa ku Joni ndipo ndalama za denga zafika. Anthu anaomba m'manja. Ndalama za mwini si nkhani ya umboni, abale. Mukafuna kuthokoza, dikirani denga likhomedwe.

Lamulungu lotsatira, chakumadzulo, kunabwera mkulu wina wa mpingo. Bambo ameneyu ndi amene anandiphunzitsa m'kalasi ndisanabatizidwe, ndipo bambo anga atamwalira ndi iwo anathamangathamanga za bokosi. Amachita bizinesi ya nsomba: amagula usipa kunyanja, kuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Limbe. Anafika ndi kajumbo ka usipa wouma n'kupatsa mayi a kunyumba, tinakhala pakhonde, ndipo asanayambe nkhani anati tipemphere. Atatha anasendeza mpando pafupi n'kutsitsa mawu.

"Aphunzitsi, mwana wanga, ku Msaka usipa wagwa ndipo mtengo uli pansi. Ndikusowa K500,000 yokha. Masabata awiri basi. Ndikabwera ku Limbe ndikubwezerani, ndi kena ka sopo pamwamba."

Ndinati, "Bambo, ndalama zimene zilipo si zanga."

"Ndikudziwa. Mwini wakeyo ndi mwana wanganso. Akanakhala pano sakanandikaniza. Malata sathawa, mvula ikadali kutali."

Foni inali m'thumba mwanga, bandulo inalimo. Chimene chinkafunika ndi mawu ochepa chabe: tiyeni tiwaimbire eni ake pompano muwapemphe nokha. Ndikhulupirira kuti nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinachita manyazi. Ndinaona ngati kutero n'kuwanyoza bambo amene anandilera mu uzimu, ndipo mumtima ndinadzinamiza kuti ndikuchita chifundo chachikhristu. Chifundo chake chiti, ndi thukuta la munthu wina? Mmawa mwake ndinakatapa ndalamazo n'kuwawerengera tili awiri kuseri kwa sukulu. Panalibe mboni, panalibe pepala, ndipo mkazi wanga sindinamuuze.

Masabata awiri aja anatha. Poyamba anati nsomba anazisiya pa ngongole kwa amayi ogulitsa ku Limbe. Kenako anati kwagwa maliro kwa akazi awo. Novembala atalowa anati nyanja yatsekedwa, ndidikire itsegulidwe. Nthawi zonse ankandilandira ndi nkhope yowala, n'kumaliza ndi mawu akuti tiziika zonse m'manja mwa Ambuye.

K700,000 yotsala ija ndinangoisunga. Ndikanatha kugula malata tsiku lomwelo n'kuwasungitsa, koma ndinkafuna kudzagula zonse pamodzi kuti lisiti ionetse ndalama yathunthu, mwini wake asadzafunse kanthu. Kubisa kumeneko n'kumene kunandidula kwambiri kuposa ngongole yeniyeniyo. Mu Novembala momwemo banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nditapita ku hadiweya pa boma ndinapeza mitengo yonse yasintha, ena atatseka kaye mashopu kuti alembe mitengo yatsopano. Ndalama imene ndinali nayo sinakwanenso ngakhale malata okha. Tinali titaona kale zotere mu Meyi 2022, kwacha itagwa ndi 25 peresenti, koma sindinaphunzirepo. Ndalama ya zipangizo isagone m'manja mwanu. Ikafika lero gulani lero, tengani lisiti, jambulani, tumizani. Ngati nthawi yogula sinakwane, muuzeni mwini wake aisunge komweko m'marandi. Mbale wanga akanakhala nazo yekha mpaka Novembala, marandi omwewo akanasinthika kukhala makwacha ochuluka.

Apa m'pamene ndinayamba kunama. Ndinamuuza kuti malata akusowa chifukwa cha vuto la ndalama zakunja. Bodzali linali losavuta kukhulupirira, pakuti masiku amenewo mafuta a galimoto ankasowadi ndipo aliyense ankadandaula za madola. Akapempha zithunzi ndinkajambula zipupa zomwe zija, lero mbali iyi, mawa mbali ina. Usiku tulo sitinkabwera. Foni ikalira ndi nambala yoyamba ndi +27, m'mimba munkatentha.

Nditaona kuti mwina adzaimbira mmisiri, ndinapita kwa bambo aja kukawapempha kuti akafunsidwa anene zomwezo. Ndinawapeza akumanga mpanda wa munthu wina. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anapukuta manja pa thalauza, n'kunena mwaulemu:

"Aphunzitsi, ine akandifunsa ndinena zimene ndikudziwa. Malata alipo pa boma, dzana lomweli ndaona akutsitsa. Musandiike pakati. Komanso kumbukirani kuti gebulo ija tinamangira dothi kuti tipulumutse simenti. Ikanyowa siichedwa."

Ndinabwerera kunyumba miyendo ili lendelende. Ife Akhristu a kuno, pokhala pakati pa anzathu Asilamu ochuluka, timakonda kulankhula m'mapemphero ngati kuti kuwala konse kuli kwa ife. Tsiku limenelo mtumiki wa mpingo anapita kukapempha bodza, ndipo amene anakana anali munthu wa ku mzikiti.

Panali vuto linanso limene sindinaliganizire. Alamu aja anali atauzidwa kuti asamuka Khirisimasi isanafike, ndipo anali atatsanzika kale kwa eni nyumba. Ataona kuti palibe chikuchitika anayamba kundifunafuna. Ine ndinkawazemba. Anabwera kunyumba ine kulibe, anandidikira pa tchalitchi, mpaka anafika kusukulu n'kuima pansi pa mtengo kudikira kuti ndiweruke. Ndinkawatengera pambali n'kumalankhula nawo monong'ona, poopa kuti anthu angamve za ndalama. Anthu anaonadi, koma anamva zina. Kuno mkazi wa munthu wa ku Joni akangoonedwa kawiri ndi mwamuna mmodzi, nkhani imakhala yapsa kale. Mkazi wanga anazimva ku mjigo. Atandifunsa ndinangoti ndi nkhani za nyumba, osafotokoza zambiri, poti kufotokoza kukanaulula za K500,000. M'nyumba munazizira. Nsima inkabwera patebulo popanda mawu.

Lamulungu lililonse ndinkavala jekete n'kuyendetsa mbale ya chopereka. Pa Mgonero wa mu Disembala, amene anandipatsira chikho anali mkulu wa mpingo yemwe uja. Tinayang'anana, ndinalandira, ndinamwa.

Chaka chimenecho chinali cha ng'amba, koma mvula ya mu Januwale 2024 inakwana kuchita zimene mmisiri ananena. Usiku wina inagwa ndi mphepo, gebulo ya kumadzulo inagwera mkati, n'kugumula chipupa cha chipinda chimodzi ndi kupinda felemu ya zenera. Mmawa alamu anapita okha, anajambula, n'kutumiza ku Joni. Madzulo ake foni yanga inali ndi mamisidi kolo osawerengeka.

Ndisanayankhe ndinakhala pansi ndi mkazi wanga n'kumuuza zonse, kuyambira kajumbo ka usipa kaja. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Bambo, ndalamazo tipeza pobweza. Chimene chandipweteka n'chakuti miyezi yonseyi ine ndimaganiza kuti muli ndi mkazi wina. Inu mumaona ndikuwonda, osandimasula." Ndinalibe choyankha. Iye yemweyo ndi amene anatenga foni, n'kuimba, n'kuiika pa laudi pakati pathu.

Ndinafotokoza popanda kukometsera. Mbale uja sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati, "Achimwene, mukudziwa mmene ndimagonera kuno? Tilipo asanu m'chipinda chimodzi. Ndikaona galimoto ya apolisi ndimalowa m'shopu ya eni ngati ndikugula kanthu. Ndalama zimenezo ndi nyama imene sindinadye chaka chonse. Mukanandifunsa, mwina ndikanati apatseniko pang'ono. Koma mwandinamiza miyezi inayi." Anadula foni.

Za mkulu uja ndinatsata njira ya pa Mateyu 18. Ndinapita ndekha, sizinathandize. Ndinapita ndi abale awiri, ndipo pamaso pawo anavomera kuti anatengadi ndalama, koma anati zinali K400,000. Apa ndinamvetsa ntchito ya pepala. Sindikunena kuti ananama dala, mwina anaiwaladi, poti munthu wa ngongole zambiri manambala amamusokonekera. Chinandipulumutsa ndi uthenga wa pafoni wosonyeza ndalama imene ndinatapa tsiku lija, ndi meseji yawo ina imene analemba okha nambalayo popepesa kuchedwa. Musamafufute mauthenga.

Kuti nkhani ifike pa bwalo la akulu a mpingo panatenga nthawi. Ena ankaikankhira kutsogolo chifukwa wokhudzidwayo anali mnzawo. Ena anabwera kunyumba usiku kudzandiuza kuti ndisachititse mpingo manyazi pakati pa anthu a chipembedzo china, ndingokhululuka. Ine ndinawafunsa kuti ndikhululuke chiyani, poti ndalamazo si zanga? Ndaona kuti mawu akuti khululukiranani timathamangira kuwauza amene walakwiridwa, pomwe wolakwayo sanauzidwe n'komwe kuti abweze. Zakeyu atakumana ndi Yesu sanapemphe kuti anthu a ku Yeriko aiwale. Analonjeza kubweza kanayi.

Bwalo litakhala, abusa anawerenga 2 Akorinto 8, pamene Paulo akufotokoza za chopereka chopita kwa oyera mtima. Paulo yemweyo, mtumwi, sanafune kuyendetsa ndalamazo yekha. Anatuma Tito pamodzi ndi mbale wina wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke wowanena, ndipo akuti ankafuna kuchita zokoma pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Abusa anatseka Baibulo n'kufunsa kuti ngati Paulo anafuna mboni, ife ndife yani kuti tizipatsana theka la miliyoni kuseri kwa sukulu. Vesi limeneli ndinali nditaliwerengapo kambirimbiri, koma sindinkaliona kuti likunena za malisiti.

Chigamulo chinali chakuti mkulu uja asaine kalata yobweza mwezi ndi mwezi, pamaso pa mboni, ndipo tonse awiri tiime kaye pa maudindo ndi pa Mgonero. Zinandiwawa. Ndinkadziuza kuti ine sindinadyepo ngakhale tambala. Patapita masabata m'pamene ndinavomereza mumtima kuti sanandiimitse chifukwa cha kudya ndalama. Anandiimitsa chifukwa cha kupereka za mwini popanda chilolezo, ndi mabodza amene ndinauza mbale wanga, mkazi wake ndi mkazi wanga. Kukhala pa benchi ya kumbuyo anzako akupita kutsogolo, ana amene umawaphunzitsa akukuyang'ana, si chinthu chopepuka.

Tsopano mtengo wake. Kukonza chipupa, kumanganso gebulo ndi simenti, ndi kufolera pa mitengo yatsopano zonse zinakwana K1,950,000. Ndinali ndi K700,000 ija. Yotsalayo, K1,250,000, inali pamutu panga, pakuti ndikanagula mu Sepitembala ndalama ya mwini wake inali yokwanira. Ndinali ndi njinga yamoto imene mnyamata wina ankayendetsa kabaza n'kumandipatsa kangachepe tsiku lililonse, ndipo ndi imene inkatigulira ndiwo malipiro akatha. Ndinaigulitsa K850,000, mu Febuluwale, mwezi wa njala, pamene wogula amadziwa kuti wogulitsa wapanikizika. Mkazi wanga anatenga K250,000 ku banki mkhonde ya amayi, yobweza ndi chiwongola dzanja. K150,000 inachokera kwa mkulu uja ngati gawo loyamba. Pamwamba pa apo banja la mbale wanga linalipira lendi miyezi ina isanu imene silinakonzekere, ndipo imeneyo sindinathe kuwabwezera. Mwana wathu woyamba anayamba teremu mochedwa chifukwa cha fizi.

Ntchito itayambiranso tinasintha kayendetsedwe. Mkazi wanga ndi amene anaumirira kuti tipite tonse awiri kwa alamu kukapepesa, masana, anthu akuona. Alamu anatilandira pamkeka, ndipo mawu amene ananena sanali a ndalama. Anati, "Alamu, ine ndinali mlendo pa nyumba yanga yomwe. Ndimafunsa kwa inu ngati wopempha, pomwe okagonamo ndi ana anga." Kuchokera tsiku limenelo kope linakhala m'manja mwawo. Tinatsegula gulu la WhatsApp la anthu anayi: iwo, amuna awo, mmisiri ndi ine. Chilichonse chogulidwa, lisiti inkajambulidwa tsiku lomwelo. Ku hadiweya ankapita okha ndi mmisiri, ndipo ndinaona kuti amanenerera mtengo kuposa ine, moti pa matabwa okha anapulumutsa ndalama yogulira zitseko ziwiri. Abale awo aja amene ankaopedwa sanabwere n'komwe.

Analowa m'nyumbamo mu Meyi 2024, pansi pasanaikidwe simenti. Ine ndinabwezeretsedwa pa udindo chakumapeto kwa chaka. Mkulu uja wabweza K380,000 pamodzi ndi gawo loyamba lija, mwa apo ndi apo, ndipo K120,000 ikadali kwa iwo. Ndalama imene akubwezayo ndi ya kwacha yakugwa, sigulanso zimene ikanagula nthawi ija, koma kalata sinanene za zimenezo ndipo ndasiya kuziwerengera. Timapatsana moni pa tchalitchi. Ena anandilangiza zopita ku khoti ndi kalata ija, ine sindinafune, ngakhale sindinganene kuti amene angapite walakwa.

Mbale wanga anabwera kudzacheza pa Khirisimasi ya 2024. Tinakhala pakhonde la nyumba yake yatsopano n'kukambirana mpaka usiku. Anati wandikhululukira, ndipo anavomera yekha kuti kubisira mkazi wake kunali kulakwa. Timaimbirana, timaseka, koma ndalama za pulasitala akutumiza kwa alamu, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ubale wathu sunafike pamene unali. Mwina udzafika.

Chaka chino mnyamata wina wa mumpingo, amene ali ku Cape Town, anandiimbira kuti ndimuyang'anire ntchito yomanga kwawo. Ndinamuuza nkhani yanga yonse, kuti aimve kwa ine asanaimve kwa ena. Kenako ndinati ndingathandize ngati mkazi wake akhala wosunga kope, ngati pakhala munthu wachitatu woona malisiti, ndiponso ngati ndalama zizipita molunjika kwa wogulitsa zipangizo osadzera m'thumba mwanga. Anati aganiza kaye. Mpaka lero sanaimbenso.